Kujambula pakhomo tsiku ndi tsiku

Zikomo a gulupu, mafumu, amayi ndi abambo. Achinyamata muli kumbuyoko, senderani kuno pamthunzi.

Mukandiona ndi kope mumati luso ndinabadwa nalo. Ayi ndithu. Ndimajambula tsiku lililonse pakhonde panga, kaya pali wofuna chikwangwani cha golosale kaya palibe. Zambiri mwa zojambulazo sadzagula munthu, ntchito yake ndi kuphunzitsa diso.

Nthawi yanga ndi m'mamawa. Mukudziwa nokha mmene kumawotchera kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala, mpaka madigiri 40 kupitirira. Thukuta likangodonthera papepala, basi zada. Komanso dzuwa likafika paliwombo, mthunzi umabisala pansi pa chinthu. M'mamawa limawomba mbali imodzi, inayo n'kuda, ndiye ngakhale mtondo wosinjira umaoneka kubulungira kwake.

Tengani mbuzi. Mwana aliyense amaidziwa, koma muuzeni aijambule, aika miyendo inayi yowongoka ngati ya tebulo. Wajambula za m'mutu, sanayang'ane. Khalani pansi muipenyetsetse ikudya. Mfundo ija yoloza kumbuyo pamwendo wakumbuyo ndi chidendene chake, bondo lenileni lili m'mwamba, pafupi ndi mimba. Tsono tambasulani mkono pensulo ili m'manja, tsinzinani diso limodzi, yezani mutu wake ndi chala chachikulu, muone kuti mutuwo ukulowa kangati m'thupi. Ikasuntha musaikalipire, yambani ina pambali. Mawa mbuzi yomweyo. Mkuja bwato pagombe la Shire, kapena agogo akupeta mapira, atakulolani kaye.

Wina anena kuti alibe zipangizo. Pensulo ya HB yakusukulu ikukwana poyambira, ngakhale 4B ndi 6B ndi zofewa ndipo zimada bwino. Makala ojambulira mungapange nokha. Thyolani timitengo towongoka, tilongedzeni m'kachitini, boolani kabowo pachivundikiro, ikani pamoto mpaka utsi usiye kutuluka. Musatsegule kasanazizire, mupeza phulusa lokhalokha. Pepala la thumba la simenti limagwira makala kuposa la m'kope losalala lija. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linawazindikira mu 2006. Zina anazijambula ndi dothi loyera, ndipo sitolo kunalibe.

Lembani deti pa pepala lililonse, ndipo zoipazo musang'ambe. Pakatha miyezi itatu muyale zonse pamphasa, mudzaona nokha kumene dzanja lachokera. Kasungidwe nako, abale, kuno n'kuchigwa. Madzi a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 tinawaona tonse, chiswe nachonso sichigona. Kulungani m'jumbo, mangani kudenga, ndipo amene muli ndi foni muzizitola zithunzi.

Mapepala ndabwera nawo, ndi makala omwe. Mayi apampando, tithandizeni kugawa, ayambe ana. Mbuzi ija yamangidwa pamlambe apo, eni ake ativomera.