Mfuti ya .50 BMG: Bodza la "Mphepo Yodula Mkono" ndi Mkangano wa ku America

[Chithunzi: chipolopolo cha .50 chaimikidwa pambali pa cha AK-47]

Taonani ziwirizi. Chaching'onochi ndi cha AK-47, mfuti ija ili pa mbendera ya anzathu a ku Mozambique. Chinachi, chachitali pafupifupi masentimita 14, ndi cha .50 BMG. M'madera ambiri a ku America, mnyamata wa zaka 18 yemwe alibe mlandu angathe kulowa m'sitolo n'kugula mfuti yowombera chimenechi, malinga ndalama zikhalepo. Takulandiraninso, abale anga. Musachoke msanga, chifukwa pa mfundo yachitatu pali bodza lomwe landitopetsa kwambiri, ndipo lero tiliika m'manda. Amene mwabwera koyamba, batani la subscribe lili pansipo, salipiritsa.

Choyamba, mwachangu. Nambala .50 ikutanthauza theka la inchi, mamilimita 12.7, kukula kwa bowo la mpope wa mfuti. Chipolopolocho anachikonza John Browning (BMG ndi chidule cha Browning Machine Gun) chakumapeto kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo chinatchuka ndi mfuti yachiwaya ya M2 imene asilikali akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Kachitsulo kamene kamaulukako kamalemera magalamu pafupifupi 42, pamene ka AK ndi magalamu 8 okha. Mphamvu yake potuluka, pa muyeso wa mphamvu wotchedwa majuwulo, ndi pafupifupi 18,000, ya AK ili cha m'ma 2,000. Basi, tadutsa.

Chachiwiri. Mu 1982, Ronnie Barrett wa ku Tennessee, munthu amene ntchito yake inali yojambula zithunzi, anapanga mfuti yoti munthu mmodzi awombere chipolopolo chimenechi ataitsamiza paphewa. Ndiyo Barrett M82. Imalemera makilogalamu pafupifupi 14, mtengo wake ndi madola masauzande angapo. Asilikali a ku Sweden anaigula mu 1989, a ku America anapita nayo ku nkhondo ya ku Gulf mu 1991, makamaka yobowolera mainjini a galimoto, zida za radar ndi kuphulitsira patali mabomba otsala. Funso n'lakuti, zikutheka bwanji kuti igulitsidwe kwa anthu wamba? Lamulo la dziko lonse la America la 1968 limati mfuti ya bowo loposa theka la inchi ili m'gulu la zida zowononga, zofuna chilolezo chapadera. Loposa. Ya .50 yaima ndendende pamzerepo, sinadutse, ndiye lamulolo limaiona ngati mfuti ina iliyonse yosakira nyama.

Chachitatu. Khalani bwino pampando.

Mwamvapo zoti chipolopolo cha .50 sichifunika kukukhudza? Akuti chikangodutsa pafupi, mphepo yake yokha imadula mkono. Ena amati imang'amba khungu, ena amati imakoka ubongo kudzera m'khutu. Nkhaniyi imanenedwa molimba mtima, ndipo nthawi zonse wonenayo ali ndi msuweni wa mnzake amene anali msilikali ndipo anaona ndi maso. Ayi ndithu, akuluakulu. Ndi bodza, ndipo simufunika digiri kuti mulione.

Tiyambe ndi pepala. Ku America kuli mipikisano ya mfuti zimenezi, amawombera chandamale cha pepala pa mtunda wa mayadi 1,000, kuposa pang'ono mamita 900. Akatha amapita kukayeza kuti mabowo atalikirana bwanji. Mabowo, mwamva? Timabowo tozungulira bwinobwino, ta theka la inchi. Chipolopolo chadutsa m'pepalalo, osati pambali, koma pepala lili chilili. Ndiye mphepo imene yalephera kung'amba pepala idule fupa la munthu? Anthu ayesanso kudutsitsa chipolopolochi pafupi ndi makadi osanjikizidwa ndi matambula agalasi, kamera ikujambula pang'onopang'ono, zinthuzo osagwa.

Tsopano chifukwa chake. Chipolopolo amachisongola dala kuti chisataye mphamvu mumpweya. Ndiyo ntchito yonse ya akatswiri ochikonza. Mu 2017, msilikali wa ku Canada ali ku Iraq anawombera munthu pa mtunda wa mamita 3,540 ndi mfuti ya McMillan TAC-50, ya chipolopolo chomwechi. Chikanakhala kuti pa mita iliyonse chikumwaza mphamvu yodula mkono, bwenzi chitagwa pansi chisanafike patali n'komwe. Tiwerenge mwachisawawa: pa kilomita yoyamba chimataya majuwulo opitirira pang'ono 10,000. Gawani ndi mamita 1,000. Mupeza majuwulo khumi ndi kanthu pa mita imodzi, ndipo amwazikira mbali zonse. Majuwulo khumi ndi mphamvu ya paketi ya shuga ya kilo imodzi ikagwa kuchokera patebulo. Ndi imeneyo ikuduleni mkono?

Chimene chilipodi ndi phokoso. Chipolopolo chimathamanga kuposa liwiro la mawu, ndiye chikadutsa pafupi mumamva kuthetheka kwakuthwa m'khutu, mtima n'kudumpha. Chinanso ndi mpweya wotentha wotuluka kukamwa kwa mfutiyo. Barrett ili ndi chitsulo kumapeto kwa mpope chimene chimatulutsira mpweyawo m'mbali kuti mfuti isamenye phewa kwambiri, ndipo amene waima pambali pa wowomberayo amaumva m'chifuwa, makutu angawonongeke ngati sanatseke. Koma zimenezo zimachitikira pamfuti pomwepo, osati kutali kumene chipolopolo chikupita. Ndikudziwa, wina walemba kale m'munsimu kuti "koma amalume anga anati." Lembani, ndiwerenga, ndipo aligorizimu ikukuthokozani.

N'chifukwa chiyani ndakhalitsa pamenepa? Chifukwa bodzali limakomera mbali zonse ziwiri. Okonda mfuti amalinena podzitama, odana nazo amalinena poopseza, ndipo onsewo amasiya kukamba zimene mfutiyi imachitadi: kubowola galimoto yokutidwa ndi zitsulo zoteteza, kudutsa khoma la njerwa, kudutsa chovala choteteza wapolisi ngati palibe kanthu.

[Kaye pang'ono]

Amalonda, malo ano ndi anu, mukanatchulidwa pano. Imelo ili m'munsi mwa vidiyoyi. Ndipo amene mukuonera pa bandulo yotsala pang'ono kutha, tsitsani quality ya vidiyo, mawu ndi omwewo. Tibwerere.

Chachinayi, mkangano weniweni. Mu 2004 bwanamkubwa wa California, Arnold Schwarzenegger, anasaina lamulo loletsa kugulitsa mfuti za .50 BMG, linayamba kugwira ntchito mu 2005. Olichirikiza ankati zigawenga zingawombere ndege ili pabwalo kapena matanki a mafuta ndi mankhwala. Ronnie Barrett anakwiya, n'kulengeza kuti kampani yake sigulitsanso kapena kukonza mfuti za apolisi ndi nthambi zina za boma la California. Kenako anatulutsa chipolopolo cha .416 Barrett, chocheperako pang'ono, chofikabe kutali, chomwe lamulolo silinachitchule. Kwawo ku Tennessee, mu 2016, aphungu anavomereza kuti M82 ikhale mfuti yoimira dera lawo, monga ena amasankhira mbalame kapena duwa. Canada inatenga njira ina mu May 2020: m'malo motchula chipolopolo chimodzi, inaletsa mfuti iliyonse ya mphamvu yoposa majuwulo 10,000 kapena ya bowo la mamilimita 20 kupita m'mwamba. Pamenepo kusintha dzina la chipolopolo sikukuthandiza.

Oteteza mfutiyi amati, tiwonetseni mitembo. Ndipo pa za mkati mwa America, ali ndi mfundo. Wakuba sanganyamule chitsulo cha makilogalamu 14, chotalika pafupifupi mita ndi theka, kukabera sitolo. Ziwerengero za FBI, nthambi ya boma la America yofufuza milandu, chaka ndi chaka zimasonyeza kuti anthu ambiri ophedwa ndi mfuti kumeneko amaphedwa ndi mfuti zazing'ono za m'manja, ndipo mfuti zazitali zonse pamodzi ndi gawo laling'ono. Wandale amene waletsa .50 n'kumadziguguda pachifuwa kuti wathana ndi umbanda wa m'tauni akunamiza anthu ake.

Koma apa ndi pamene ine ndimasiyana nawo oteteza aja. Mitemboyo ilipo, ili kutsidya kwa malire basi. M'ma 1990, gulu la IRA, lomwe linkalimbana ndi ulamuliro wa Britain ku Northern Ireland, linapha asilikali a Britain m'dera la South Armagh kumeneko ndi mfuti za Barrett zochokera ku America. Ku Mexico lero, magulu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo amaifunafuna mfutiyi chifukwa imabowola galimoto za apolisi. Joaquín Guzmán, El Chapo uja, mtsogoleri wa limodzi mwa magulu amenewa, atagwidwa mu January 2016, pamalo pamene ankabisala panapezeka mfuti ya .50 yomwe inagulidwa ku America, ndipo chochititsa manyazi n'chakuti inali imodzi mwa mfuti zimene nthambi ya boma la America yoona za mfuti, ATF, inalola dala kuti zidutse pa ntchito yake ya Fast and Furious, poganiza kuti izitsatira. Pa 26 June 2020, mumzinda wa Mexico City, anthu okhala ndi mfuti anatchingira galimoto ya mkulu wa apolisi, Omar García Harfuch. Iye anapulumuka ndi mabala, koma omuteteza awiri ndi mayi wina wongodutsa anafa, ndipo pa zida zimene zinapezeka panali za Barrett.

Mu 2021 boma la Mexico linasumira makampani a mfuti a ku America, Barrett ili pomwepo, likufuna madola 10 biliyoni. Mu June 2025 khoti lalikulu kwambiri la America linauthetsa mlanduwo, oweruza onse asanu ndi anayi mogwirizana, chifukwa lamulo la 2005 limateteza opanga mfuti ku milandu ya zimene ena achita ndi katundu wawo. Ndiye munthu angagule mfutiyi ku Texas kapena ku Arizona ndi fomu yomweyo yogulira mfuti yosakira agwape, pamene wapolisi amene adzakumane nayo ku Jalisco m'dziko la Mexico savota ku America.

Chachisanu chinali cha mfuti zazikulu kuposa .50, monga .950 JDJ ndi zija alenje a njovu ngati Frederick Selous ankayenda nazo ku Zimbabwe m'ma 1870, koma nthawi yatithera. Imeneyo ndi vidiyo ya sabata yamawa, ndipo tikambamonso za gogodela. Dinani kabelu kuti isakupiteni.