Makalata a omvera: lendi ikudya salale, nanga yathu tidzamanga liti?

Takulandiraninso amayi ndi abambo, kuno kwacha ndi chiperoni moti phiri la Mulanje silikuoneka n'komwe. Makalata abwera ambiri sabata ino ndipo ambiri akulira chinthu chimodzi, lendi. Tiyambe ndi iyi ya mnyamata wa ku Luchenza amene akugwira ntchito ku Limbe.

"Achimwene, ine ndimakhala ku Bangwe nyumba ya zipinda ziwiri, bafa ndi chimbudzi timagawana mabanja anayi. Salale ikangolowa pafupifupi theka imapita kwa a landilodi, ndiye chaka chino akwezanso akuti simenti yadula chonsecho nyumbayo sanaipake olo laimu. Ndinayamba kusunga ndalama ku akaunti mu 2022 kuti ndidzamange kwathu, koma ndikapita ku hadiweya ndalama ija ikumagula zochepa kuposa kale. Ndipitirize kusunga kapena ndingotenga loni basi?"

Achimwene anga simukulota ayi. Chaka chomwe munayamba kusungacho, mu May 2022, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, kenako mu November 2023 anaigwetsanso ndi 44 pa 100, ndipo zomangira zambiri monga malata, misomali, mawaya a magetsi ndi magalasi zimadalira ndalama zakunja, ndiye dola ikangokwera a hadiweya amasintha mitengo tsiku lomwelo osadikira kuti stoko yakale ithe. Ndalama yongogona mu akaunti masiku ano ili ngati mchere wosiyidwa pamvula. Za loni ine sindikulimbikitsani, mu 2024 Reserve Bank inafikitsa chiwongoladzanja chake pa 26 pa 100 ndipo mabanki amaonjezera chawo pamwamba pake, ndiye munthu woti theka la salale lapita kale ku lendi mudzabweza ndi chiyani? Katapila ndiye musamuyandikire n'komwe.

Chimene ndaona chikuwayendera anthu ndi kusandutsa ndalama katundu. Lowani chipereganyu ndi anzanu odalirika kuntchitoko, mwezi wanu ukakwana musadutsire kunyumba ayi, alamu anga angakumbuke kuti sofa yatha, pitani sitireti ku hadiweya mukagule malata olo asanu okha. Funsani geji, nambala ikakula ndiye kuti lata ndi lopyapyala, 28 ndi lolimba kuposa 32 ngakhale likudula. Mukawasiye kwa amayi ku Luchenza, pouma, atsamire khoma pamwamba pa timatabwa asakhudze dothi. Mafelemu a zitseko ndi mawindo chimodzimodzi, amadikira. Koma simenti ayi, chonde! Ndi chinyezi chathu cha kunochi thumba likakhala miyezi ingapo mudzalipeza lagwirana zibuma, simenti muzigula amisiri atafika kale pamalo.

Ena akumasamukira ku Bvumbwe komwe lendi ndi yotsikirako n'kumakwera minibasi kupita ku Limbe. Nzeru ndithu, koma muwerengere kaye thiransipoti ya mwezi wonse, komanso masiku amene mafuta asowa makondakitala amatchula mtengo womwe akufuna.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo wina wa ku Thyolo amene anakwatira kuno ku Mulanje, pano akuchita lendi ku Ndirande.

"Apongozi anga atipatsa malo kuseri kwa nyumba yawo kuti timange. Madamu akondwa koma abale anga akuti ndine wopusa, ndidzatuluka ndi chikwama chokha. Kwinaku pali munthu akugulitsa puloti yotchipa pafupi ndi mtsinje ndipo akuti ndifulumire ena akuifuna. Ndipange bwanji?"

Eee bambo, apa ndiye mwafika pamtima pa nkhani. Kwathu kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja malo amayenda mbali ya kuchikazi, mkamwini amamanga pamudzi pa mkazi ndipo si zachilendo, agogo athu anakhala choncho. Kusiyana kwake n'koti iwo ankamanga ya udzu, inu mukufuna kuthira thukuta la zaka zambiri mu njerwa ndi malata. Ine sindinena kuti kanani, malo ku Thyolo ndi Mulanje ndi osowa, minda ya tiyi inatenga gawo lalikulu ndiye munthu akakupatsa poika fandeshoni wakupatsa chinthu chachikulu. Koma musakumbe musanakhale pansi ndi amalume a madamu, eni mbumba, pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ndi amfumu, mugwirizane kuti nyumbayo ndi ya inu awiri ndi ana anu ndipo zilembedwe, aliyense asainire. Apongozi okha sakwanira, mawa kukagwa zovuta amene adzayankhule ndi amalumewo. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola kulembetsa malo otere, kafunseni ku ofesi yoona za malo kwa a DC kuti kudera lanulo zikuyenda bwanji.

Puloti ya kumtsinjeyo ndiye ine ayi. Tonse tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu March 2023, madzi ndi miyala kutsika m'mapiri, ku Muloza kuno komanso ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, nyumba zabwinobwino zamalata kupita usiku umodzi. Malo akatchipa mufunse kuti atchipiranji. Ndipo wogulitsa wokuthamangitsaniyo ndi amene amagulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri, pitani nokha mukacheze ndi oyandikana nawo malire komanso amfumu musanatumize kobiri pa Mpamba kapena Airtel Money.

Yomaliza ndi yaifupi, mayi wa ku Chitakale akufunsa ngati angalembetse nyumba za Malawi Housing Corporation. Lembetsani mayi palibe choletsa, bungweli lilipo kuyambira 1964 koma nyumba zake ndi zochepa ofuna ndi ambirimbiri, ndiye ku banki mkhonde kuja musasiye kuponya masheya.

Nthawi yatithera, kalata ya achemwali a ku Limbuli yokhudza mmisiri amene anathawa ndi ndalama ya lenta tidzayamba nayo sabata yamawa.