Makalata a Omvera: Utsi wa pa Doko, Chingambwe ndi Chifuwa Chosamva Mandimu

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu, a ku Makanjira, ku Malindi, ku Namwera, ku Monkey Bay, ndi inu a pa boma pompano. Mwera wayamba kuwomba, m'mawa kukuzizira, ndipo makalata ambiri amene afika sabata ino akudandaula za chifuwa. Mayina a olemba sinditchula monga mwa masiku onse, chifukwa matenda ndi nkhani ya mwini wake.

Yoyamba yachokera kudoko la Msaka. Akuti:

"Ine ndine mayi wa ana anayi, ntchito yanga ndi yowamba nsomba. Nsomba zikafa bwino ndimakhala pa uvuni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, wamng'ono ali kumsana. Chaka chino ndikumatsokomola kwambiri m'mawa, makhololo ake akuda, maso kuyabwa. Anzanga akuti ndizimwa mkaka, ena akuti madzi a mandimu ndi jinja, kuti mapapo atsukike. Kodi n'zoona? Ntchitoyi sindingaisiye, ndi imene ikudyetsa ana."

Mayi anga, zikomo potilembera. Kuti musiye ntchito sindikuuzani, chifukwa ndikudziwa kuti pa uvunipo ndi pamene pakuchokera ufa, sopo ndi yunifomu ya ana. Koma za mkaka ndikuuzeni zoona: chimene mwameza chimapita m'mimba, sichidutsa m'mapapo. Mkaka ndi chakudya chabwino, madzi ofunda a mandimu ndi jinja amafewetsa pakhosi, imwani ndithu ngati muli nazo. Kutsuka mapapo kokha sizingathe, ndipo palibe tsamba kapena muzu umene ungathe.

Mapapo amadziyeretsa okha. M'njira zonse za mpweya muli timaubweya tosaoneka ndi maso, timene usana ndi usiku timakankhira fumbi ndi mwaye kukhosi ngati tsache, kuti munthu alavule kapena kumeza. Makhololo akudawo ndi mwaye wa dzulo umene thupi lanu likutulutsa. Utsi ukachuluka tsiku ndi tsiku timaubweyato timafooka, njira za mpweya zimatupa, ndipo pakapita zaka munthu amayamba kuchita befu ngakhale pochokera kunyanja ndi ndowa ya madzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati utsi wa nkhuni, makala ndi palafini wa m'makomo umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amayi ndi ana aang'ono. Ndiye thandizo lenileni ndi kuchepetsa utsi umene ukulowa.

Mphepo ya kunyanja kuno timaidziwa. Ukawomba mwera, imani kummwera kwa uvuni kuti utsi uzikuthawani. Ikatembenuka kukhala mpoto, nanunso tembenukani. Mukayala nsomba n'kusonkha moto, musakhale pomwepo kuziyang'anira: khalani patali, muzingobwera pokatembenuza. Uvuni ukhale pamtetete, osati m'kanyumba kotchinga mbali zonse. Nkhuni zikhale zouma, zaziwisi zimafuka kwambiri. Ndipo chonde, chizolowezi choyatsira moto majumbo, zidutswa za maukonde kapena masilipasi akale chithe. Utsi wa pulasitiki ndi woipa kuposa wa nkhuni, ndipo umakhalanso pa nsomba imene anthu akadye. Chitenje chomanga kumphuno chimatchinga phulusa lalikulu lokha, utsi weniweni umadutsa. Kafunseninso alangizi a zausodzi za mauvuni amakono otulutsa utsi pamwamba, mwina inu ndi anzanu mukhoza kusonkherana.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi mwana ali kumsanayo. Mwana amapuma mofulumira kuposa inu, ndipo mapapo ake akadali kukula. Mukawerama kutembenuza nsomba, nkhope yake ndi imene imalunjika pa utsi. Musiyireni achemwali ake kapena agogo ake pamthunzi, kumene mphepo ikuchokera, muzipita kukamuyamwitsa komweko. Amayi a pa doko limodzi mukhozanso kumasinthana, wina azisamala ana onse pamene anzake ali pa moto.

Wina angaganize kuti kugula mbaula yamakono ndiye kuti nkhani yatha. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti kupereka mbaula zosafuka kwambiri pakokha sikunachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka 5. Mwana amakumana ndi utsi m'malo ambiri: pa zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba, pa koloboyi usiku, pa fodya wa bambo ake. Chitetezo mbaula ndi yabwino, imapulumutsa nkhuni, koma zinazo ziyenera kuyang'anidwanso. Ndipo inuyo mayi, poti chifuwacho chatenga miyezi, kayezetseni makhololo. Musangoti ndi utsi basi.

Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Makawa:

"Ndine siginala, woyatsa nyali zokopa nsomba pa khoka la chilimira. Usiku panyanja kumazizira, ndiye timasuta chingambwe kuti tifunde komanso tisagone. Ndinayamba ndili wamng'ono. Ndimapalasa bwato usiku wonse, mphamvu ndili nazo, ndiye ndimaona ngati thukuta limachotsa zoipa za fodya. M'mwezi wa Ramadhani ndimatha tsiku lonse osasuta, koma tikangomasula madzulo ndimayambiranso. Kodi chingambwe si chabwinoko kusiyana ndi ndudu za m'sitolo, poti n'chachilengedwe?"

Achimwene, ayi. Tsamba la fodya likapsa, kaya lapichiridwa m'pepala la kope kaya lachokera kufakitale, utsi wake uli ndi timankhwala toposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa ito timayambitsa khansa. Kufunda kumene mumamva ndi kwa m'maganizo chabe: chikonga cha mu fodya chimafinya mitsempha ya magazi, zala zimazizira kuposa kale. Chimene chingakufunditseni panyanja ndi jekete, chipewa ndi tiyi wa mu fulasiki.

Kupalasa bwato kumalimbitsa mtima ndi minofu yopumira, n'chifukwa chake simukumva kalikonse lero. Koma thukuta silichotsa phula la fodya m'mapapo. Zowawa zimadzabwera muli ndi zaka 45 kapena 50, nthawi imene ana akufuna fizi ya ku sekondale, inu nkhafi yakukanikani.

M'kalata yanu momwemo muli nkhani yabwino. Munthu amene amatha kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa osasuta, kwa mwezi wathunthu, angathe kusiya. Ndipo simuyenera kudikira Ramadhani ina. Sankhani tsiku, muuze akazi anu ndi anzanu a pa boti, musanyamule fodya kapena machesi popita panyanja. Chibaba chimabwera mwamphamvu koma chimatha pa mphindi zochepa. Imwani madzi, tafunani mtedza kapena nzimbe mpaka chidutse. Sabata yoyamba ndi imene imavuta. Pakangotha maola 12 chisiyireni, mpweya woipa wa carbon monoxide m'magazi umatsika kufika mlingo wake. Pakati pa masabata 2 ndi 12 mapapo amayamba kugwira bwino ntchito. Mwina mudzatsokomola kwambiri masabata oyambawo, musadabwe, ndi timaubweya tija tadzukanso. Pakatha zaka 10, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimatsika ndi theka poyerekeza ndi munthu amene akusutabe. Mukagwa n'kusutanso, yambiraninso mawa lake. Ambiri amene anasiya sanasiye ulendo woyamba.

Uthenga waufupi uwu wabwera pafoni kuchokera ku Namwera: "Kuno kumapiri kwazizira, timagona ndi mbaula ya makala m'nyumba, zitseko zotseka. Makala safuka utsi, ndiye palibe vuto eti?"

Vuto lilipo, ndipo ndi la imfa usiku womwewo. Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wosaoneka. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, munthu amagona osadzukanso, nthawi zina banja lonse. Otherani moto pakhonde, mbaula itsale panja musanagone. Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba yotere, tsekulani zitseko, mutulutsireni panja, thamangirani naye kuchipatala.

Tsopano kalata yochokera ku Makanjira, yolembedwa ndi mdzukulu m'malo mwa agogo ake aakazi. Iyi ndiyiwerenga pang'onopang'ono:

"Amuna anga anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni ali anyamata. Pano akhala akutsokomola miyezi itatu, awonda, usiku amatuluka thukuta mpaka mphasa kunyowa, tsiku lina analavula magazi. Chaka chatha anawapeza ndi TB, anamwa mankhwala miyezi iwiri, atapeza bwino anasiya poti ulendo wa kuchipatala ndi wautali. Pano tikuwafukiza masamba a bulugamu m'mawa ndi madzulo, ndi kuwapatsa adyo ndi uchi. Akukana kubwerera kuchipatala, akuti akawakalipira. M'nyumba timagona ndi zidzukulu ziwiri zazing'ono. Tiwonjezere mankhwala ati achikuda?"

Agogo, pepani ndi matendawa, ndipo mwachita bwino kulemba. Palibe chowonjezera. Bulugamu, adyo ndi uchi sizipha kachilombo ka TB. Kufukiza kumatsekula mphuno kwa kanthawi, matenda ali kudya mapapo m'kati. Zizindikiro zonse mwatchulazi, kutsokomola kopitirira masabata 2, kuwonda, thukuta la usiku, magazi m'makhololo, zikusonyeza kuti chifuwa chachikulu chabwerera, ndipo agogo aamuna akufunika kuchipatala sabata ino, osati mwezi wamawa.

Mankhwala a TB amamwedwa tsiku lililonse kwa miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Pa miyezi iwiri munthu amapezadi bwino, amayamba kudya, thupi limabwerera, n'chifukwa chake ambiri amanyengeka n'kusiya. Koma tizilombo tina timakhala tisanafe. Tikadzukanso tikhoza kukhala tosamva mankhwala aja, ndipo chithandizo chake chimakhala chovutirapo. Ichi n'chifukwa chake mukafika mukanene zonse mosabisa: anayamba liti, anasiya liti. Ngati khadi la chaka chatha lilipo, litengeni. Makina a GeneXpert amene ali m'zipatala zambiri masiku ano amaona TB m'makhololo, n'kuonanso ngati yasiya kumva rifampicin, amodzi mwa mankhwala a TB, pa maola awiri okha. Akafunsidwanso kuyezetsa HIV, asakhumudwe, aliyense wa TB amafunsidwa zimenezo.

Mukanenenso za kumigodi. Fumbi la miyala ya pansi pa nthaka limasiya zipsera m'mapapo, matenda otchedwa silicosis, amene amatha kuonekera patapita zaka zambiri munthu atabwerera kumudzi. Zipserazo sizichira, ndipo munthu amene ali nazo TB imamugwira msanga. Akuluakulu ambiri a m'boma lino anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za m'migodi, ndiye amene muli ndi abambo kapena agogo otere, chifuwa chawo musamachitenge mopepuka. Achinyamata ophwanya miyala m'mbali mwa msewu, fumbi lake ndi lomwelo; thirani madzi pa miyala musanaswe.

Za kukalipiridwa, ndikupempha azaumoyo amene akumvera: munthu amene wabwerera atasiya mankhwala mulandireni bwino, chifukwa mukamuchititsa manyazi sabweranso, ndipo akapatsira mudzi wonse. Za kutalika kwa ulendo, agogo, kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. M'midzi yambiri muli anthu odzipereka amene amatenga makhololo kupita nawo kuchipatala, ndipo wachibale akhoza kusankhidwa kuti aziyang'anira kamwedwe ka mankhwala pakhomo.

Zidzukuluzo zipite nawo, inunso mukayezedwe. Ana osakwana zaka 5 amene akukhala ndi wodwala TB, akapezeka kuti alibe matendawa, amapatsidwa mankhwala owateteza. TB imayenda mu mpweya, osati pa mbale kapena pa chikho, ndiye musawasale agogo pa chakudya. Chofunika n'chakuti mawindo azikhala otsekula, masana azikhala panja pamphepo, azitseka pakamwa potsokomola, ndipo ana agone chipinda china kufikira achipatala atanena kuti mankhwala agwira. Apatseni usipa, nyemba, mazira, chisoso, bonongwe, phala lotsira nsinjiro. Chakudya chimathandiza mankhwala, sichilowa m'malo mwake. Ndipo ana musawafukize: mphika wa madzi owira pansi pa bulangeti wawotcha ana ambiri.

Bambo wina wa ku Malindi wafunsa mwachidule mmene angasiyanitsire chimfine ndi chibayo mwa mwana wake wa miyezi 8. Bambo, mwanayo akakhala phee, osalira, vundukulani pachifuwa muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi, wotchi ya pafoni ili m'manja. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika ka 40, wakhanda wosakwana miyezi 2 akafika ka 60, ameneyo akupuma mothamanga, pitani naye tsiku lomwelo. Mukaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, kapena walefuka, musadikire kuti kuche. Uchi musam'patse mwana wosakwana chaka. Onaninso m'buku lake la kusikelo: katemera woteteza ku chibayo, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011, mwana amabayidwa katatu, pa masabata 6, 10 ndi 14. Ngati wina anaphonya, kamalizitseni.

Nthawi yatithera makalata ena asanawerengedwe. Ya aphunzitsi a ku Katuli yofunsa za mwana wasukulu wodwala mphumu, amene makolo ake akuopa kuti akayamba kugwiritsa ntchito inhela sadzasiyanso, tidzayamba nayo sabata yamawa. Agogo a ku Makanjira, mdzukulu wanu atilemberenso mukabwerako kuchipatala, tidziwe mmene mwayendera. Tsalani bwino nonse.