Foni Yanu ndi Ngaka ya M'thengo Mwathu

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. A Gulupu, mafumu onse, abambo ndi amayi, ndakulonjerani. Inu achinyamata mwakhala kumbuyoko pansi pa mango, senderani kuno, nkhani ya lero ndi yanu. Mafoniwo musabise ayi, atulutseni, ndi amene ndadzera.

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano anaionapo ngaka ndi maso ake, ikuyenda m'thengo? Kwezani manja. Agogo uko, a mfumu apa, manja ochepa ndithu. Nanga amene munaionapo pa foni, wina atatumiza chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook n'kulemba kuti katundu alipo, akufunika wogula? Musaope, sindinabwere ndi apolisi. Mwaonatu, manja a anyamata ayamba kukwera.

Ndiye kuti msika unasamuka. Kale wofuna minyanga ya njovu ankabwera yekha, kufunsafunsa kumowa, kunong'onezana ndi alenje. Lero safunikanso kuponda ku Kasungu kuno. Amakhala kutali, n'kuona chithunzi, kukambirana mtengo pa foni, ndalama ya thiransipoti n'kutumiza pa foni pomwepo. Ndipo amene mumadziwa bwino njira za msika umenewu si a mfumu, si ine, ndi inuyo.

Mundilole ndikambe pang'ono za ngakayo, chifukwa imandimvetsa chisoni. Kanyama aka kalibe ndi dzino lomwe. Kamadya nyerere ndi chiswe basi, chiswe chomwecho chimatigwetsera chimanga m'munda ndi kutidyera mitengo ya denga. Kamabereka mwana mmodzi pachaka, n'kumamubereka kumsana ngati mayi. Kakaopsezedwa sikathawa, sikaluma, kamangodzikulunga ngati nkhata. Mkango umalephera kukatsegula, koma munthu amangotola n'kuponya m'thumba la feteleza. Mamba ake amapita makamaka ku China ndi ku Vietnam kumene ena amati ndi mankhwala. Koma mamba amenewo anapangidwa ndi zinthu zomwezo zimene zinapanga zikhadabo zanuzi. Nyanga ya chipembere chimodzimodzi. Tangoganizani, nyama ikutha padziko chifukwa cha chikhadabo.

Mu 2016 mayiko anakumana ku Johannesburg pansi pa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, n'kuletseratu malonda a mitundu yonse 8 ya ngaka pakati pa mayiko. Kwathu kuno lamulo loteteza nyama zakutchire linakonzedwanso mu 2017. Ukapezeka ndi ngaka, minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere, chilango chikhoza kufika zaka 30 m'ndende, ndipo palibe zoti ndilipira chindapusa ndizipita. Akuluakulu mukukumbukira chimene chinachititsa. Mu 2013 kumpoto kunagwidwa minyanga 781 m'galimoto imodzi, yolemera matani oposa awiri ndi theka. Eni mlandu anangolipira chindapusa n'kubwerera kwawo. Minyangayo inatenthedwa ku Mzuzu mu 2016. Masiku amenewo anapita. Mu 2021 khoti ku Lilongwe linagamula Lin Yunhua, mkulu wa gulu lozembetsa wochokera ku China, kuti akakhale m'ndende zaka 14 pa mlandu wa nyanga za chipembere ndi kubisa ndalama zopeza mwachinyengo.

Koma wogwidwa kawirikawiri si bwana ayi. Ndi mnyamata wa m'mudzi amene anamva mphekesera yoti ngaka ndi mamiliyoni. Waitola, waisunga m'chimbudzi kapena pansi pa bedi, ikukana kudya chifukwa ngaka siidya gaga kapena nsima. Masiku akupita, iye ali kalikiliki pa foni kusaka wogula amene sanamuonepo. Mapeto ake ngaka yafooka kapena yafa, mwana wathu ali ku ndende, mkazi wake watsala ndi khanda. Mamiliyoni aja sanawagwire ndi tsiku limodzi lomwe. Amayi, mukaona mwana akubisa thumba ndi kuyankhira foni kuseri kwa nkhokwe, mufunseni. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsopano mbali imene ndikufuna muigwire bwino. Foni yomweyi ikugwiranso ntchito yoteteza. Mu 2018 mabungwe oteteza nyama zakutchire a WWF, TRAFFIC ndi IFAW anagwirizana ndi makampani akuluakulu a intaneti, monga Google, Facebook, eBay ndi Alibaba, kuti athane ndi malonda a nyama zakutchire pa masamba awo. Pofika 2021 makampaniwo ananena kuti achotsa kapena kutsekereza zotsatsa zoposa 11 miliyoni. Zina zimagwidwa ndi makompyuta, koma zina zimagwidwa ndi anthu wamba odzipereka, ophunzira a m'makoleji ali momwemo, amene amaphunzitsidwa kuzindikira zotsatsa zokayikitsa n'kuzinena. Amawatcha Cyber Spotters. Alibe mfuti, alibe yunifomu. Ali ndi foni ndi maso.

Chifukwa chiyani pamafunika munthu, kompyuta ilipo? Ogulitsawo ndi ochenjera, salemba dzina lenileni la chinthu. Minyanga ena amaitcha fupa la ng'ombe, ena pulasitiki woyera. Kompyuta ikazolowera mawu amenewo, iwo asintha kale. Nanga kwathu kuno, munthu akalemba m'Chichewa chokhotakhota, chosakaniza ndi Chitumbuka kapena Chinyanja cha kutsidya kwa malire ku Zambia, makina a ku America amva chiyani? Amene angamve ndi inu, obadwira m'chilankhulocho.

Ndiye mukaona zotere muchite chiyani? Choyamba jambulani sikirini. Pa chithunzicho paoneke dzina la tsamba kapena gulu, nambala ngati ilipo, tsiku, ndi mawu amene alembedwa. Mukatero pitani nacho kwa a gemu a kupaki, ku ofesi ya nthambi yoona za nyama zakutchire, kapena kupolisi. Ngati mukuopa kupita nokha, uzani a mfumu kapena aphunzitsi oyang'anira kalabu ya zachilengedwe kusukulu. Pa Facebook ndi pa TikTok palinso podina ponenera zoipa, malamulo awo saloleza malonda a nyama zotetezedwa. Koma yambani mwajambula ndi kudziwitsa a boma, chifukwa chithunzi chikachotsedwa umboni wapita, pamene ngakayo ikadali m'thumba penapake ikufa ndi njala. Ikapulumutsidwa msanga, a bungwe losamalira nyama zakutchire la Lilongwe Wildlife Trust amaisamalira, ikachira n'kukaibwezera kutchire.

Apa ndikweze mawu pang'ono. Musadzisandutse apolisi. Musayerekeze kukhala wogula kuti mumukole, musafunse mtengo, musapangane naye pokumana. Anthu amenewa ena ndi oopsa, komanso mauthenga anuwo akapezeka mu foni yake, mudzafotokoza bwanji kukhoti kuti munkangoyesa? Musatumizenso chithunzicho m'magulu ena n'kumati taonani, chifukwa potero mukumutsatsira malonda kwaulere. Ndipo musaike nkhope kapena dzina la munthu pa intaneti n'kumutcha wakuba. Mwina mwalakwitsa munthu, anthu n'kukamuvulaza, mlandu n'kutembenukira kwa inu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Perekani umboni mwakachetechete, osauza ngakhale mnzanu wa pa bawo.

Pali kachinthu kena kamene ambiri sakadziwa. Mafoni ambiri amakono amasunga malo enieni pamene chithunzi chajambulidwira. Iwe wakumana ndi ngaka podutsa kudimba, wasangalala, wajambula, walemba kuti ili kuseri kwa chulu cha pafupi ndi mjigo. Mtima wako ndi woyera, koma wamulozera wakuba njira. Ku South Africa alendo okaona nyama amapemphedwa kuti asaulule pa intaneti pamene aona chipembere, pa chifukwa chomwechi. Ukaiona ngaka, isiye ipite, osanena poyera pamene ili.

Ndaona bambo uko akupukusa mutu, ndipo ndikudziwa chimene chili mumtima mwanu. Mukuti, mukutiuza zoteteza nyama pamene njovu zikutithera chimanga. Bambo, simukunama. Njovu m'paki yathuyi ya Kasungu zinali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, zinaphedwa mpaka kutsala pafupifupi 50 pofika 2015. Mu 2022 anabweretsa zina 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo kuchokera pamenepo midzi ya m'mbali mwa paki, kuno ndi ku Zambia, yalira: minda yaonongeka, miyoyo ya anthu yatayika. Amene wagona panja akuimba zitini usiku wonse sangauzidwe kuti vutoli ndi laling'ono. Koma wozembetsa minyanga sabwera kudzakupepesani, ndipo sadzakubwezerani thumba ndi limodzi lomwe. Amadyera pa mkwiyo wanu, ndende n'kusiyira mwana wanu. Foni yomweyi igwireni pa vuto lanulo. Njovu zikatuluka, chenjezanani msanga pa gulu la mudzi, imbirani a gemu. Munda ukaonongeka, jambulani, lembani tsiku ndi mwini munda, a mfumu akhale ndi umboni wogwirika popita kukadandaula kwa akuluakulu. Dandaulo lokhala ndi zithunzi ndi masiku silikanidwa mophweka ngati la pakamwa.

A Gulupu, pempho langa ndi lakuti mudzi uliwonse usankhe achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, okhulupirika ndi osunga chinsinsi, amene azisunga manambala a a gemu ndi apolisi. Atsikana musatsalire, mafoni muli nawo, ndipo zambiri mumaziona msanga kuposa anyamatawa. Za bandulo tikambirane ndi komiti, si ndalama yambiri.

Onse amene muli ndi mafoni a intaneti mutsalire tikatseka ndi pemphero. Ndikuonetsani mmodzimmodzi pozimitsira malo pa kamera, ndi kajambulidwe ka sikirini kwa amene simukudziwa. Amayi aja anakweza dzanja poyamba paja, funso lanu libwere tsopano. Zikomo a tcheyamani.