Madzi odzalidwa paphiri

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? M'mawa uno tiwerenge Deuteronomo 6:10-12.

Lemba limeneli ndinaliwerengapo kambirimbiri, koma linandilowa mumtima tsiku limene ndinafika m'mudzi wa Pampaneira, kudera la Alpujarra, kummwera kwa Spain. Mudziwu unakangamira pamtsetse wa chigwa cha Poqueira, ndipo kumtunda kwake kuli midzi ina iwiri, Bubión ndi Capileira. Nyumba zake ndi zoyera mbee, madenga athyathyathya omata ndi dongo lotuwa limene eni ake amati launa, monga amamangira kumapiri a ku Morocco. Tinjira ndi topapatiza, ndipo pakati pa tinjira tina pamadutsa kangalande ka madzi. Ndinawerama n'kupisamo dzanja. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma zala zinachita dzanzi ndi kuzizira.

Madzi amenewa amachokera ku mapiri a Sierra Nevada, kumene nsonga ya Mulhacén imapitirira mamita 3,400. Chipale chofewa chikayamba kusungunuka, alimi salola kuti madzi onse angothamangira kunyanja. Amawapatutsa ndi ngalande zotchedwa acequia, n'kukawamwaza kumtunda komweko kuti alowe m'nthaka. Mlendo akaona angati anthuwa akutaya madzi. Eni ake amati akudzala madzi. Pakapita masabata, mwina miyezi, mvula itasowa ndipo udzu utauma, madzi aja amatumphuka m'akasupe kumunsi, anthu n'kumamwa ndi kuthirira ndiwo.

Anakumba ngalande zimenezi ndani? Zambiri ndi ntchito ya Asilamu amene anakhala m'mapiriwa zaka mazanamazana, ndipo ngakhale mawu akuti acequia anachokera ku Chiarabu. Mzinda wa Granada, likulu la Asilamu a m'derali, utagonja kwa mafumu achikhristu mu 1492, patangopita zaka zochepa olamulira atsopanowo anawaumiriza anthuwa kubatizidwa, kenako anawaletsa chilankhulo chawo ndi zovala zawo. Anagalukira mu 1568, nkhondo inatha mu 1571, ndipo anawasamutsa m'midzi yawo. Mabanja achikhristu ochokera kwina anadzalowa m'nyumba zija n'kumathirira minda ndi ngalande zomwezo. Monga Mkhristu, mbiri imeneyi imandipweteka. Ambuye Yesu sanatume munthu kukabatiza ndi lupanga m'manja.

Mose anachenjeza Aisraeli kuti adzalowa m'nyumba zodzaza ndi zabwino zimene sanaikemo okha, adzatunga m'zitsime zimene sanakumbe, adzadya mphesa ndi maolivi zimene sanadzale, ndipo akadzakhuta asamale kuti asaiwale Yehova. Taonani, chenjezo silikubwera pa njala. Likubwera mimba itadzaza, pamene munthu amayamba kunena kuti zonsezi ndi thukuta langa.

Nditakhala pakhonde la tchalitchi cha m'mudzimo, madzi akulira pansi pa miyala, ndinakumbuka azakhali anga. Ankadzuka tambala woyamba asanalire kukazinga mandasi, maso ali misozi ndi utsi, kuti andipezere fizi. Anthu ankawanena kuti akutayira ndalama mwana wa eni. Anatisiya ndisanalandire malipiro anga oyamba, osalawa ngakhale paketi imodzi ya shuga yochokera m'manja mwanga. Ana anga lero akumwa pa kasupe wa mayi amene sanamuonepo nkhope, ndipo ine ndinali ndisanawauzeko ngakhale dzina lawo.

Inu amene mwadzuka wotopa, mukupempherera mwana wosamva, mukulera mwana wamasiye, madzi akungolowa pansi osaoneka, ndikukukumbukirani m'pemphero lino.

Tiyeni tipemphere. Atate, zikomo chifukwa cha manja amene anatikumbira zitsime, a m'banja mwathu ndi achilendo, a mpingo wathu ndi a chipembedzo china. Tikhululukireni pamene tinamwa n'kuiwala. Limbitsani amene akudzala lero osaona kanthu. Ndipatseni mawu madzulo ano pamene ndikhale pansi ndi ana anga kuwafotokozera za azakhali. M'dzina la Yesu, Ameni.