Makalata a omvera: Tivale zamtundu wanji chilimwe chino?

Tabweranso, omvera athu. Kalata yoyamba yachokera ku Nchalo, m'boma la Chikwawa, ndipo mtsikana wina walemba motere: "Achimwene, ine ndine wakuda bii. Ndikavala diresi lachikasu anzanga amati silindikhala, ndiye ndimangovala zakuda ngakhale kuno kukutentha koopsa. Ena akuti ndiyambe kudzola mafuta oyeretsa khungu kuti zovala zizindikhala. Nditani?"

Chemwali, mafutawo musawayerekeze n'komwe. Ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala monga hydroquinone kapena mercury, amene amaononga khungu, ndipo khungu lotere silingalimbane ndi dzuwa la Okutobala la ku Chigwa cha Shire, kumene nthawi zina kumatentha kupitirira madigiri 40. Anzanuwo akukunamizani. Chikasu, olenji, choyera ndi chobiriwira chowala zimakhala bwino kwambiri pa munthu wakuda. Ine ndinaona mayi wina wakuda ngati inuyo akupelekera pa ukwati atavala chitenje chachikasu cha maluwa obiriwira, duku lake lomwelo, holo yonse maso anali pa iye. Chovala chakuda chimamwa kutentha kwa dzuwa, n'chifukwa chake mukuvutika chonchi.

Mukapita kogula chitenje, musasankhire mumdima wa m'shopu. Pemphani mutuluke nacho pakhomo, muchiike pakhosi, mudziyang'ane pa kagalasi kapena pa foni. Nkhope ikawala, maso akaoneka oyera bwino, tengani. Mukaoneka otuwa ngati mwadwala malungo, bwezani, ngakhale wogulitsayo akuchotsereni mtengo.

Kalata ina ndi ya bambo a ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Akuti ndi oyererako khungu, amakonda shati yoyera, koma akakwera kabaza amafika kuntchito kolala itafiira ndi fumbi.

Bambo, yoyerayo isungireni ku tchalitchi. Pakati pa sabata yesani yabuluu wowala kapena yobiriwira. Khaki amabisa fumbi, inde, koma pa inu amafanana kwambiri ndi khungu, munthu n'kuoneka wozilala. Yotuwa nayo imaulula thukuta la m'khwapa musanafike n'komwe pa depoti. Ndipo mukamasankha pa kaunjika, tembenuzani shatiyo muwerenge kansalu kam'kati: ikakhala ya thonje imalowetsa mphepo, koma polyester amakuphikani ngati mbatata, kaya mtundu wake ukhale wokongola chotani.