Mafuta a mu injini yanu ayenda ulendo wautali

Zikomo a pampando, zikomo mfumu yathu pamodzi ndi nduna zanu, amayi ndi abambo nonse. Inu anyamata a njinga zamoto mwakhala kumbuyoko, senderani kuno, nkhaniyi ndi yanu kwambiri.

Ntchito yanga mukuidziwa, ndimakonza mainjini ku Kapata, mu tauni ya Chipata. A komiti anandipempha kuti ndibwere chifukwa chilimwe chino mainjini opopera madzi m'madimba mwanu akhala akufika kwa ine motsatizana, ndipo chigayo china chinakhala sabata yathunthu osalira. Ndikatsegula, nthenda ndimapeza yomweyomweyo: mafuta. Zimandipweteka mtima kuona munthu wagulitsa mbuzi kuti agule injini, tomato wayamba maluwa, injini n'kuzima chifukwa cha malita asanu a petulo woipa. Patebulopa ndaika mabotolo atatu agalasi. Musawagwire, ndipo amene ali ndi fodya woyaka atalikire. Tiwaona bwino tikamatsiriza.

Ndiyambe ndi funso. Mafuta timagulawa amachokera kuti? Abambo apo akuti ku Ndola. Zaka zingapo zapitazo mukanakhoza, bambo, koma ngakhale nthawi imeneyo Ndola inali malo ophikira chabe. Muno mu Zambia mulibe chitsime cha mafuta chimene timatungapo. Dontho lililonse limabwera pa sitima ya pamadzi, ambiri kuchokera ku maiko a Aluya, ndipo ife nyanja tilibe.

Agogo amene muli pano mukukumbukira. Titalandira ufulu mu 1964, mafuta athu ankadzera ku Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa azungu ake mokakamira, maiko anamuikira chiletso cha mafuta, iyenso n'kutseka njira yathu. Dziko linatsala pang'ono kuima. Mafuta anayamba kubwera pa ndege, ena m'madiramu pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, mumsewu wa fumbi ndi matope umene madalaivala anautcha Hell Run, kunena kuti ulendo wa ku gehena, chifukwa malole ambiri anathera m'mbali mwa msewuwo. Apa m'pamene a Kaunda ndi a Nyerere anagwirizana zoika paipi. Anaiika ndi akatswiri a ku Italy, kutalika kwake makilomita 1,710, kuchoka ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, ndipo inayamba ntchito mu 1968. Ndiyo TAZAMA imene mumamva pa wailesi. Magawo awiri mwa atatu ndi a Zambia, limodzi la Tanzania. Mu 1973 anatsegula fakitale yoyenga mafuta ya Indeni ku Ndola komweko, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi asanu petulo, dizilo ndi parafini zinkatuluka pamenepo.

Lero Indeni sakuyenganso. Kuyambira mu 2023 paipi ija imanyamula dizilo woyengedwa kale, wa sulufule wochepa. Petulo amabwera pa malole, ena kudzera ku Nakonde pa malire a Tanzania, ena kuchokera ku doko la Beira ku Mozambique, ndipo inu amene mumayenda msewu wa ku Chanida, pa malire a Mozambique, mumakumana nawo. Wina wofika kuno amayamba wakatsitsidwa ku depoti, kenaka akwerenso lole, awoloke mlatho wa Luangwa, apyole Nyimba, Petauke, Sinda, Katete.

Tsopano werengani ndi zala: sitima, thanki ya padoko, paipi kapena lole, depoti, lole ina, thanki ya pansi pa nthaka ku filing'i siteshoni, pampu, chigubu chanu, injini yanu. Paliponse pamene mafuta akutsanulidwa, madzi, fumbi kapena dzanja la munthu wosakhulupirika likhoza kulowa.

Musaganize kuti zimenezi zimangochitika kwa ife osauka. Mu Febuluwale 2007 ku England, galimoto zikwizikwi zinayamba kutsamwa ndi kuzima m'misewu, makamaka kuzungulira London. Kumeneko masitolo akuluakulu ogulitsa zakudya amakhalanso ndi mapampu a petulo panja, ndipo ambiri mwa odandaulawo anali atathira pa masitolo a Tesco ndi Morrisons. Poyamba anayeza petuloyo n'kunena kuti ali bwino, chifukwa chimene chinalowamo sichinali pa mndandanda wa zimene amayeza nthawi zonse. Atafufuza mozama anapeza mankhwala otchedwa silicon. Silicon ikapsa mu injini imasiya phulusa loyera ngati mchenga wosalala, ndipo phulusalo linamata kachipangizo kamene kamanunkhiza utsi ku ekizozi, timati sensa. Sensa ikamatidwa, kompyuta ya galimoto imalandira uthenga wabodza, n'kuchepetsa mphamvu. Analondola m'mbuyo mpaka anafika pa matanki a depoti ina ku West Thurrock, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kumene makampani angapo ankasungira mafuta awo.

Chimene ndikufuna mutolepo ndi ichi. Masitolowo analipira anthu ndalama zokonzetsera galimoto, koma amene anathandizidwa mosavuta ndi amene anali ndi umboni: lisiti yosonyeza tsiku ndi malo, ndi kalata ya makaniko. Mafutawo anali ndi mapazi, anatheka kulondoleka. Nanga wa m'botolo la m'mbali mwa msewu mungamulondole mpaka kuti?

Kuno kwathu silicon sindinakumane nayo. Adani athu ndi atatu: madzi, parafini ndi zinyalala.

Madzi ndi amene ndimawapeza kwambiri. Amalemera kuposa petulo ndi dizilo, choncho amakhala pansi, ndipo injini imayamwa mafuta kuchokera pansi pomwepo. Mu injini ya petulo amadzaza kambale ka kabuleta, injini imatsokomola, imazima, mumakoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Mu injini ya dizilo ndiye zoopsa. Pampu ndi ma injekitala anasulidwa mothina kwambiri, mpata wake ndi wochepa kuposa tsitsi, ndipo chimene chimatereretsa zitsulozo ndi dizilo yemweyo. Madzi akalowa, zitsulo zimakhulana zouma, dzimbiri limagwira, nsonga ya injekitala imatha. Komanso pamene madzi akumana ndi dizilo mu thanki pamamera tizilombo, timapanga ndere zakuda zonanda zimene zimatseka fyuluta. Amene munaona chakuda chonanda mu fyuluta ya chigayo chija, n'chimenecho.

Madziwa nthawi zina amachokeradi ku siteshoni, makamaka m'dzinja, ngati chivindikiro cha thanki ya pansi chatha ndipo mvula ikulowa. Siteshoni yosamala imayeza m'mawa uliwonse: amapaka mankhwala kunsonga ya ndodo yoyezera, akaiviika, mankhwalawo amasintha mtundu ngati pansi pali madzi. Koma ndinene zoona ngakhale ziwawe. Madzi ambiri amene ndimachotsa m'mainjini anu ndi anu omwe. Chigubu chimene dzulo chinatunga madzi pa mjigo, lero chapita kukagula petulo. Diramu ili panja, theka mafuta theka mpweya, masana yatentha, usiku yazizira, m'kati mwachita mame, mamewo n'kutsikira pansi. Injini yagona kudimba, chitseko cha thanki chinasowa kale, mwatsekapo ndi chitsononkho cha chimanga. Wogulitsa tizimutukwana pamene pali chifukwa, koma apa ayi.

Parafini ndiye dzanja la munthu. Mtengo wake umakhala wotsika kuposa petulo ndi dizilo, ndiye ena amasakaniza kuti malita achuluke. Madalaivala a malole amati changanya. Mu petulo, parafini sapsa msanga ndiponso sapirira kufinyidwa. Injini imavuta kulira m'mawa, imagogoda pokwera mtunda, imatentha, utsi umachuluka, pulagi imada. Wosapsa uja amatsika m'mbali mwa pisitoni, kutsuka oilo, kukalowa m'munsi. Mnyamata wina wa njinga yamoto anandiuza kuti oilo wake akuchuluka yekha, anali wokondwa. Ndinamuuza kuti anunkhize. Oilo sabereka, mwana wanga, ukaona wakwera pa ndodo yoyezera ndiye kuti walowa mafuta, ndipo injini ikudzidya. Mu dizilo, parafini ndi wouma, satereretsa, ndipo pampu imatha pang'onopang'ono. Simudzaona lero kapena mawa. Mudzaona pa miyezi itatu, pamene wogulitsa uja mwamuiwala nkhope.

Zinyalala sindichedwapo: dzimbiri la m'diramu, mchenga wa pa fanelo imene munaika pansi, ulusi wa nsanza imene munasefera. Fanelo muziisunga m'thumba la pulasitiki.

Boma lili ndi maso ake pa nkhaniyi. Bungwe loyang'anira malonda a mafuta ndi magetsi, la ERB, ndilo limapereka malaisensi, limayendera masiteshoni ndi kutenga mafuta kukayeza. Kuyambira mu 2018 mafuta olowa mwalamulo amathiridwa kamankhwala kosaoneka ndi maso, ngati chidindo. Akayeza pa makina n'kupeza chidindocho chachepa, amadziwa kuti mafutawo asakanizidwa kapena analowa mozemba. A Zambia Metrology Agency ndi amene amayeza mapampu kuti lita ikhaledi lita, ndipo amamata chizindikiro chawo pa pampu. Muzichiyang'ana. Mtengo nawo amalengeza ndi a ERB, mwezi ndi mwezi kuyambira mu 2022, molingana ndi mtengo wa kunja ndi mphamvu ya kwacha pa dola, popeza sitima ija salipira ndi kwacha. Mtengo wa pa pampu ndi umodzi, ku Lusaka ndi ku Chipata chimodzimodzi. Ndiye munthu akakuimitsani kuti ali ndi dizilo wotchipa kuposa wa pa siteshoni, mudzifunse kuti iyeyo wamupeza bwanji. Kapena wabedwa mu lole, kapena wasakanizidwa, kawirikawiri zonse ziwiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma injini imatha ndi timalita totchipa timeneti.

Za kuba mu lolezi ndiime pang'ono. Mu Novembala 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, lole ya petulo imene inali pa ulendo wa ku Malawi inaimitsidwa m'mbali, anthu anakhamukirako ndi zigubu ndi ndowa. Inaphulika. Anthu oposa 70 anafa, ana ali m'gulu, ndipo ena ambiri anapsa. Amenewo ndi anansi athu, ena amalankhula chinenero chomwechi. Chonde, amayi, mukamva kuti lole ya mafuta yagwa mumsewu, gwirani ana muthawire kutali. Petulo amene amapha si amene mukumuona pansiyo, ndi mpweya wake. Umalemera kuposa mphepo, umakwawa pansi, ukafika pa mbaula umabwerera ndi moto mpaka pamene wachokera.

Amayi apo akufunsa kuti nanga ife a kumudzi, siteshoni ili kutali, titani? Funso labwino, mayi. Sindinabwere kudzanyoza aliyense wogulitsa m'mabotolo. Ena ndi ana athu, amakagula pa siteshoni pomwepo, n'kuikapo kaphindu, ndipo usiku wodwala akafuna kupita kuchipatala ndi botolo lomwelo limene limamupulumutsa. Koma malamulo salola malonda amenewa popanda laisensi, ndipo injini ikafa mulibe kokadandaula. Komanso nthawi imene mafuta asowa ku Malawi, zigubu zimayenda kwambiri m'tinjira ta pa malire ku Mwami, ndipo zimene zathiridwamo palibe akudziwa. Maganizo anga ndi akuti inu a madimba muzisonkherana, munthu mmodzi wodalirika apite ku tauni ndi zigubu zachitsulo zosungira mafuta okha, zolembedwa, agule pa siteshoni imene galimoto zimalowa ndi kutuluka tsiku lonse, chifukwa pamenepo mafuta sagonera. Abwere ndi lisiti, alembi aisunge m'buku. Mukapeza lole ikutsitsa mafuta pa siteshoni, dikirani kapena pitani pena, chifukwa nthawi imeneyo nsenga za pansi pa thanki zavunduka. Ndipo mugule okwanira masabata ochepa. Petulo wokhalitsa amauluka mphamvu, n'kusiya utomoni mu kabuleta. Dimba likatha, khutulani injini musanaisunge.

Zikachitika kuti mwathira pa siteshoni, mwayenda pang'ono injini n'kuyamba kutsamwa, musaikakamize. Zimitsani. Khutulani pang'ono m'botolo lagalasi loyera ndi louma, pamaso pa mboni, mutseke bwino, mulembe tsiku. Bwererani kwa manejala tsiku lomwelo ndi lisiti yanu, mwaulemu koma molimba. Akakana, kadandauleni ku ERB. Mufunsenso anzanu amene anathira pomwepo, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo madandaulo a anthu khumi a tsiku limodzi sakanidwa. Wothira mafuta akalakwitsa n'kuika petulo mu galimoto ya dizilo, musatembenuze kiyi ngakhale pang'ono, ikankheni.

Tsopano mabotolo aja. Loyambali ndi petulo wabwino, onani mmene akuwalira, mukhoza kuona chala changa kuseri. Lachiwirili ndinakhutula mu injini ya mmodzi wa inu, sinditchula dzina. Ndikalikhutchumula likuchita mtambo, tikalisiya kanthawi muona mzere, pansi madzi, pamwamba petulo. Lachitatu ndasakaniza ndekha ndi parafini. Ndi maso simungalisiyanitse ndi loyamba, n'chifukwa chake ndabwera ndi pepala loyera. Dontho la petulo weniweni limauma msanga osasiya banga, la parafini limachedwa, limasiya banga ngati la mafuta ophikira. Kuyeza kumeneku sikugwira chinyengo chilichonse, koma chachikulu kumachigwira.

Muno mwadzaza ndipo mawindo ndi ochepa, sinditsegula mabotolowa m'nyumba. A pampando, ndiloleni titulukire pansi pa mtengo wa mango uja. Bwerani asanuasanu, amayi a madimba ayambe, anyamata a njinga pambuyo. Amene mwabwera ndi mafuta anu m'chigubu, tengani tiwayeze pomwepo.